Bawo ya agogo yalowa m'foni: zimene ndaphunzira pamodzi ndi ana a sukulu ku Mponela

Ndiloleni ndiyambe ndi funso limene lidandisowetsa chonena.

Lidali Lachitatu, teremu yachiwiri ili mkati. Nditamaliza phunziro la masamu ku Fomu 3, mtsikana wina adatsalira m'kalasi anzake atathamangira kukagula zitumbuwa. Ndi mwana wofatsa, wa mtundu uja woyankhira pansi ngakhale yankho akulidziwa. Adaima chapatali, manja ali kumbuyo, n'kunena kuti: "Pepani aphunzitsi, kodi magemu a m'foni amawaikamo ndani?"

Ndidayankha mwachidule kuti amaikamo ndi a kampani. Iye sadasunthe. Adati m'foni ya achimwene ake muli gemu ya bawo, koma agogo ake aamuna ataiona adangoseka, n'kunena kuti imeneyo si bawo imene iwo amasewera pansi pa mtengo wa mango. "Ndiye ndimafuna kudziwa ngati munthu wa konkuno angapange yake, yotsata malamulo a agogo."

Ndili ndi dipuloma ya uphunzitsi ndipo ndaphunzitsa masamu ndi sayansi zaka zoposa khumi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, kummawa kwa Mponela, chakunjira yopita ku Ntchisi. Pasukulu pathu palibe magetsi. Phunziro la kompyuta, ngakhale lili pa mndandanda wa mayeso a MSCE, ife sitiphunzitsa chifukwa tilibe chophunzitsira. Kompyuta yokhayo imene ana amaiona ndi laputopu yanga yakale, imene batire yake siyitha ola limodzi. Ndidamuuza kuti ndikafufuza. Kunena zoona, ndimaganiza kuti pofika sabata ya mawa adzakhala ataiwala. Sadaiwale. Lolemba adabweranso, kope lili m'manja.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndikukhulupirira kuti ana ofunsa funso ngati limeneli alipo ambiri ku Madisi, ku Mvera, ku Malomo ndi kwina konse, ndipo aphunzitsi osowa yankho ngati ine aliponso ambiri. Zimene ndapeza m'chaka chimodzi ndi theka ndikufuna ndigawane nawo.

Manyazi amene ndidawapeza ku Dzaleka

Poyamba ndimadzitonthoza kuti zinthu zotere ndi za ana a m'tauni. Chimene chidandichotsa maganizo amenewa ndi nkhani ya m'boma lathu lomwe lino la Dowa. Ku Dzaleka, kumene kwakhala msasa wa anthu othawa kwawo kuyambira 1994, mnyamata wina wochokera ku Burundi, Remy Gakwaya, adayambitsa malo otchedwa TakenoLAB mu 2016 n'kuyamba kuphunzitsa anzake kulemba mapulogalamu a kompyuta. Makompyuta adalibe. Ophunzira ake oyamba amaphunzira malo a zilembo pa zithunzi za kiyibodi zosindikizidwa papepala, ndipo zina amayesera pa mafoni. Chaka chotsatira, mu 2017, kampani ya Microsoft mogwirizana ndi bungwe la UNHCR idatsegula malo ophunzitsira achinyamata kupanga mapulogalamu mumsasa womwewo. Thandizo lidabwera litapeza anthu atayamba kale.

Nditawerenga zimenezi ndidakumbukiranso za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene adasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi, koma adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atabwereka buku m'kalaibulale kakang'ono. Chingerezi cha m'bukumo sankachimva bwino, ankatsata zithunzi. Ndidadzifunsa kuti, ngati othawa nkhondo adayamba ndi pepala, ine wolandira malipiro mwezi ndi mwezi chowiringula changa n'chiyani?

Choyamba: kuphunzira popanda kompyuta

Chinthu choyamba chimene ndidazindikira n'chakuti kompyuta ndi kapolo wopanda nzeru koma womvera kwambiri. Imachita ndendende zimene waiuza, osati zimene umafuna kunena. Choncho luso lenileni la wolemba mapulogalamu ndi kuphwanya ntchito m'magawo ang'onoang'ono otsatana bwino. Luso limeneli silifuna magetsi.

Pali maphunziro aulere otchedwa CS Unplugged, amene adayambitsidwa ndi Tim Bell ndi anzake pa yunivesite ya Canterbury ku New Zealand, ophunzitsa nzeru za kompyuta ndi makhadi, zingwe ndi masewera. Ndidawatsitsa m'foni n'kuyamba nawo Lachisanu masana ndi ana khumi ndi awiri amene adadzipereka. Tidakumba maenje asanu pabwalo, loyamba loimira 16, lachiwiri 8, kenako 4, 2 ndi 1. Dzenje lokhala ndi mwala ndi 1, lopanda mwala ndi 0. Ukafuna kulemba 13 umaika mwala pa 8, pa 4 ndi pa 1, ndiye walemba 01101. Umu ndi mmene foni imasungira nambala, chithunzi, ngakhale nyimbo. Ana adaigwira nkhaniyi tsiku lomwelo.

Tsiku lina ndidawauza kuti andilembere malangizo ophikira nsima ngati akuuza munthu amene sadaionepo. Mnyamata wina adalemba kuti "thirani ufa" osanena kuti mpoto ukhale uli kale pamoto. Wina adalemba kuti "pitirizani kuthira ufa" osanena polekezera. Anzake adaseka kuti ameneyo atha thumba lonse. Ndidawauza kuti akumbukire kuseka kumeneko, chifukwa kompyuta ukaiuza kubwereza chinthu osaiuza polekera, imabwerezadi mpaka batire kutha.

Chachiwiri: foni ya m'thumba ndi kompyuta

Ambiri timaona foni ngati chida cha WhatsApp ndi nyimbo basi. Komatu foni ya Android, ngakhale yotsika mtengo, ikhoza kukhala kalasi. Pali mapulogalamu awiri amene atithandiza kwambiri.

Yoyamba ndi Pocket Code, yopangidwa ndi gulu la Catrobat la pa yunivesite ya ku Graz m'dziko la Austria. Ndi yaulere. Mwana amalumikiza timabuloko ta malamulo ndi chala, ngati akumanga nyumba ya zidina, ndipo kachithunzi kamayamba kuyenda, kudumpha kapena kulira. Ndi yabwino kwa oyamba chifukwa safunika kulemba mawu ambiri a Chingerezi. Mnyamata wina wa Fomu 2 adapanga kagemu ka mbuzi yothawa mwini dimba m'masabata atatu okha.

Yachiwiri ndi Pydroid 3, imene imalola munthu kulemba chinenero cha kompyuta cha Python pafoni, ndipo ukangoitsitsa kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti. Python, imene Guido van Rossum wa ku Netherlands adaitulutsa mu 1991, ndi chinenero chenicheni chimene amagwiritsa ntchito akatswiri m'makampani akuluakulu, koma n'chosavuta kuwerenga. Mtsikana wa bawo uja adasankha imeneyi.

Bawo ili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32, ndi nkhomo 64. Wosewera aliyense ali ndi maenje 16 amene amazungulira. Funso loyamba lidali lakuti, ukafika dzenje lomaliza, kompyuta idziwa bwanji kuti ibwerere loyamba? Tidalimbana nalo masiku awiri. Yankho lake lidali m'masamu a ku pulayimale: chotsala ukagawa. Python imawerenga kuyambira 0, choncho maenje ndi 0 mpaka 15. Ukakhala pa dzenje 14 n'kusuntha kanayi ufika pa 18, ndipo 18 kugawa ndi 16 chotsala ndi 2. Ndiye kuti nkhomo yomaliza yagwera pa dzenje 2. Mtsikanayo adandiyang'ana n'kuti: "Aphunzitsi, kani masamu aja ali ndi ntchito?" Zaka khumi ndikuphunzitsa, palibe mwana adandifunsapo funso londisangalatsa ngati limeneli.

Chachitatu: laputopu yakale si yotaya

Amene ali ndi mwayi wa kompyuta, ngakhale yakale, ali ndi zida zina zitatu zaulere. Scratch, imene idatuluka mu 2007 ku yunivesite ya MIT ku America, ndi ya timabuloko ngati Pocket Code, ndipo ili ndi mtundu woika m'kompyuta wosafuna intaneti. Pygame ndi chowonjezera cha Python chojambulira zithunzi ndi kuliza mawu. Godot ndi chida chachikulu chopangira magemu enieni ogulitsa, chimene adachiyamba ndi Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina n'kuchipereka kwa anthu onse mwaulere mu 2014. Ubwino wa Godot kwa ife akumudzi ndi wakuti ndi yaing'ono, imakwana m'fulashi iliyonse ndipo siyilemera pa kompyuta yofooka. Zida zina zotchuka monga Unity zimafuna magigabaiti angapo kuti uzitsitse komanso kompyuta yamphamvu, choncho woyamba kumene asavutike nazo.

Mabuku nawo alipo. Wolemba wa ku America, Al Sweigart, adaika mabuku ake pa intaneti kuti aliyense awerenge osalipira. Limodzi, lotchedwa Invent Your Own Computer Games with Python, limayamba ndi kagemu kolosera nambala n'kumakwera pang'onopang'ono. Ndi limene tikugwiritsa ntchito. Kwa amene amaliza Fomu 4 ndipo Chingerezi amachimva bwino, yunivesite ya Harvard ili ndi maphunziro otchedwa CS50, ophunzitsidwa ndi David Malan, amene aliyense angawatsate kwaulere. Palinso freeCodeCamp, yophunzitsa kupanga masamba a pa intaneti ndi zina zambiri, nayonso yaulere.

Wina anena kuti zonsezi zikufuna bandulo. N'zoona, koma kamodzi kokha. Ine ndimapita pa Mponela Loweruka, kumene netiweki ndi yabwinoko, n'kugula bandulo ya usiku. Ndimatsitsa zimene ndikufuna, n'kuziika pa memori khadi, kenako timagawana kuchokera foni ina kupita ina. Mavidiyo amadya bandulo ngati moto wolusa, choncho ndibwino kutsitsa mabuku ndi zolemba. Palinso Kiwix, imene imasunga Wikipedia m'foni kapena m'kompyuta kuti uziwerenga popanda intaneti, ndi Kolibri, imene imatha kusandutsa laputopu imodzi kukhala laibulale yoti mafoni a pafupi azikokamo maphunziro. Anyamata amene amabena nyimbo ndi mafilimu pamsika ali nazo kale zida zonse zofalitsira zimenezi. Akadakhala kuti pambali pa nyimbo amasunganso mabuku aulerewa, akadathandiza ana ambiri, iwonso n'kupezapo kangachepe.

Tsiku limene bambo ake adabwera

Zinthu sizidayende bwino nthawi zonse. Mwezi wa Meyi, anthu ali pakalikiliki kusankha fodya, bambo a mtsikana uja adatulukira pasukulu pa njinga, nkhope ili gwaa. Titapatsana moni adati: "Aphunzitsi, ine ndimakulemekezani. Koma ndamva kuti mukuphunzitsa mwana wanga kandege."

Sindidawaseke, chifukwa mantha awo ndi omveka. Tonse taona achinyamata akutaya ndalama za soya ndi za kabaza pa juga ya pafoni. Kwa kholo la kumudzi, mwana wowerama pa foni usiku ndiye kuti wayamba kubetcha, kapena wapeza chibwenzi. Adaonjeza kuti mwanayo akuthawa ntchito ya m'chigafa, ndipo mtsikana wa msinkhu wake sayenera kubwerera kunyumba dzuwa litapendeka.

Ndidavomera kuti pa nkhani ya nthawi ndidalakwa ndine, chifukwa ndidayamba zimenezi osakambirana ndi makolo. Ndidawalongosolera kuti juga imapangidwa mwadala kuti mwini wake azipambana, ndipo mwana amene wadziwa mmene pulogalamu imalembedwera ndiye savuta kumuchenjeza, chifukwa amadziwa kuti kumbuyo kwa kandege kuli masamu a munthu wina, osati mwayi. Kenako ndidawapempha kuti Loweruka lotsatira abwere ndi agogo adzaone okha. Adati: "Chabwino, tidzaone. Koma zikakhala zachibwana, zithere pomwepo."

Loweruka lidakwana. Agogo adabwera ndi thabwa lawo la bawo, lakuda ndi kugwiridwa, nkhomo zili m'kathumba. Tidakhala pakhonde la kalasi. Pa sikirini ya foni panalibe chithunzi chokongola ayi, koma mizere inayi ya manambala. Mpaka tsikulo pulogalamuyo imangodziwa kutola nkhomo m'dzenje limodzi n'kuzigawa. Gawo lopitiriza, loti nkhomo yomaliza ikagwera pamene pali zinzake utole zonse n'kumapitabe, mtsikanayo adalilemba m'kope usiku wa dzulo lake chifukwa foni idali itazima, ndipo adalikopera m'foni m'mawa womwewo osaliyesa.

Adasankha dzenje, n'kudina. Manambala adayamba kuthamanga pa sikirini osaima. Foni idayamba kutentha. Bambo ake adapukusa mutu n'kuyang'ana kumene adaimika njinga. Mwanayo misozi idalengeza. Inenso ndidayang'ana zimene adalemba koma sindidaone cholakwika.

Agogo ndiwo adafunsa kuti: "Iwe, chinthu chakochi wachiuza kuti chizileka liti?" Iye adayankha kuti wachiuza kuti chikaponya nkhomo yomaliza chiyang'ane ngati m'dzenjemo mulibe kanthu, ndipo ngati mulibe chileke. Agogo adaseka mpaka kutsokomola. "Nanga utaponya kale mukhala bwanji mopanda kanthu? Dzenje umaliyang'ana usadaponye, mdzukulu wanga."

Cholakwika chidali chomwecho. Pulogalamu imafunsa funso loyenera pa nthawi yolakwika, choncho yankho silikadakhala "inde" mpaka kalekale. Mtsikanayo adasuntha mzere umodzi kuukweza pamwamba. Adadinanso. Manambala adayenda n'kuima. Agogo adasewera dzanja lomwelo pa thabwa lawo, ndipo nkhomo zidagona ndendende mmene foni idanenera. Adayesa kachiwiri, kachitatu, zonse zidafanana. Bambo aja sadanene zambiri. Ponyamuka adangoti: "Loweruka lokha, akamaliza ntchito za pakhomo."

Kupanga gemu ndi khomo chabe

Zimene adachita agogo tsiku lija, kufanizira zotsatira za pulogalamu ndi zoona zenizeni, ndi ntchito imene makampani amalembera anthu. Apa mpamene pali kusiyana pakati pa kungolemba pulogalamu ndi ukatswiri wa mapulogalamu. Katswiri amayamba wafunsa eni ntchito kuti amve bwino chimene akufuna, amayesa chilichonse asadachipereke, amalemba mwaukhondo kuti mnzake adzathe kuwerenga, ndipo amasunga ntchito yake malo oposa amodzi.

Phunziro lomalizali tidaliphunzira mowawa. Mwezi wa Ogasiti achimwene ake a mtsikanayo adanyamuka ulendo wa ku Joni kukasaka maganyu, foni ili m'thumba. Ntchito ya miyezi isanu idakwera nawo basi. Chidatipulumutsa ndi umphawi womwewo: poti foni imakhala yozima kawirikawiri, mwanayo adazolowera kuyamba walemba chilichonse m'kope. Tidakhala Loweruka ziwiri tikukopera m'laputopu yanga. Akatswiri ali ndi chida chotchedwa Git, chimene Linus Torvalds adapanga mu 2005, chosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa pulogalamu kuti anthu ambiri agwirire ntchito limodzi osasokonezana. Ife Git yathu ikadali kope ndi memori khadi ziwiri, imodzi kwa ine, ina kwa iye, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Makolo amandifunsa kuti, nanga zimenezi zidzamudyetsa mwana? Sindilonjeza kuti aliyense adzalemera ndi magemu. Koma tayang'anani mozungulira. Mukatumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money, pali pulogalamu imene ikugwira ntchito. Pogula feteleza wotsika mtengo, chitupa cha unzika chimawerengedwa ndi pulogalamu. M'zipatala zambiri za boma, mbiri ya odwala imasungidwa m'makina ogusa ndi chala amene bungwe la Baobab Health lidayamba kupanga ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo Amalawi ambiri adaphunzirira ntchitoyi kumeneko. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011, chimadaliranso mapulogalamu. Ana a ku pulayimale amene akuphunzira kuwerenga ndi kuwerengera pa matabuleti m'Chichewa akugwiritsa ntchito pulogalamu ya bungwe la onebillion, imene mbali yaikulu ndi timasewera tophunzitsa. Zonsezi zimafuna anthu ozilemba, ozikonza ndi oziyesa, ndipo ndi bwino anthuwo akhale odziwa chinenero chathu ndi moyo wathu.

Ngakhale magemu enieniwo, anzathu mu Africa adayamba kale. Ku Ghana ndi ku Kenya, Eyram Tawia ndi Wesley Kirinya adayambitsa Leti Arts mu 2009, yopanga magemu ochokera ku nthano za kwawo. Ku Cameroon, Olivier Madiba ndi gulu lake la Kiro'o Games adatulutsa gemu yotchedwa Aurion mu 2016, atalimbana ndi kuzimazima kwa magetsi ngati ife tomwe. Ife tili ndi bawo, nsikwa, phada, fulaye, nthano za kalulu ndi fisi. Tikapanda kuziika tokha m'mafoni, adzatiikira ena, ndipo agogo adzapitiriza kuseka kuti si zimenezo.

Njira ya sukulu nayo ilipo. Maphunziro a kompyuta amapezeka ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo imene idatsegulidwa mu 2014, ndi ku yunivesite ya Mzuzu. Ku Lilongwe kuli mHub, malo a achinyamata a luso la makono amene Rachel Sibande adayambitsa mu 2013, ndipo akhala akuphunzitsa ana ndi atsikana kulemba mapulogalamu. Mu 2020 kudatsegulidwanso African Drone and Data Academy mothandizidwa ndi UNICEF. Koma khomo la yunivesite za boma ndi MSCE yabwino, makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro a kompyuta masamu ndiye mwini nkhani. Mwana asanamizidwe kuti akadziwa Python ndiye kuti mayeso alibenso ntchito.

Machenjezo atatu

Loyamba: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamadutsa anthu olonjeza kuti mukalipira ndalama zakutizakuti mudzakhala katswiri m'mwezi umodzi n'kumalandira madola. Musatumize ndalama. Zonse zimene woyamba kumene akufunika kwa chaka chathunthu ndi zaulere, ndipo ndazitchula pamwambapa.

Lachiwiri: masiku ano kuli mapulogalamu monga ChatGPT otha kukulembera pulogalamu yonse ukangowafunsa. Amathandiza kufotokoza mawu ovuta, inenso ndimawafunsa ndikakhala ndi bandulo. Koma mwana amene amangokopera osamvetsa ali ngati wolemba mayeso ndi likasa: tsiku limene zinthu zidzasokonekere adzasowa poyambira. Komanso malamulo a bawo ya pansi pa mtengo wa mango uja, odziwa bwino ndi agogo.

Lachitatu: osatola zambiri nthawi imodzi. Ndaona ana akuyamba Python lero, mawa amva za chinenero china, mkuja china, mapeto ake osamaliza chilichonse. Sankhani chinenero chimodzi, buku limodzi ndi kantchito kamodzi kakang'ono, mukamalize. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pempho langa

Sindikufuna kunamizira kuti khama lokha ndi lokwanira. Ana khumi ndi awiri aja atsala asanu ndi awiri. Ena adasiya chifukwa kwawo kulibe foni, ena chifukwa kutchajitsa kumafuna ndalama tsiku ndi tsiku. Chingerezi cha m'mabukuwa chimawalemera ambiri, moti theka la nthawi yathu limathera pomasulira. Ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale laputopu ya kaunjika yakhala loto kwa mphunzitsi.

Choncho ndikupempha. Bungwe la MACRA, limene kudzera mu ntchito ya Connect a School lakhala likupereka zipinda za makompyuta m'sukulu zina za sekondale, lipitirize ndipo lizikumbukira sukulu zoyendera za kutali ndi tala, ndi sola yake yomwe. Makampani ndi mabungwe a m'tauni amene amasintha makompyuta pakapita zaka zingapo adziwe kuti imene iwo akuti yatha ntchito, kwa ife ndi kalasi yathunthu. Ana a kuno amene muli ku Lilongwe, ku Joni kapena kutsidya la nyanja, foni yakale imene ili m'dilowa mwanu ikhoza kusintha moyo wa m'bale wanu. Akuluakulu a sukulu, lamulo loletsa mafoni lili ndi zifukwa zake zabwino, koma tingathe kupatula ola limodzi pasabata loti foni igwire ntchito pamaso pa mphunzitsi. Ophunzira a m'mayunivesite, mukabwera ku holide tipatseniko Loweruka limodzi. Ndipo amene mumadziwa bwino zinthuzi, tilembereni kabuku ka oyamba kumene m'Chichewa.

Kwa aphunzitsi anzanga ndingoti, musadikire kuti mudziwe zonse. Ine ndimakhala patsogolo pa ana anga ndi mutu umodzi wokha wa buku, ndipo masiku ena iwo ndi amene amandikonza. Poyamba zimandichititsa manyazi, pano ndidazolowera. Safunsa adadya phula. Chachikulu, yambani mwakambirana ndi makolo, musalakwitse ngati ine.

Mtsikana uja tsopano ali Fomu 4. Gemu yake anthu awiri akhoza kusewera mosinthana, imadya nkhomo za mdani molondola, ndipo ili ndi timizere tozungulira m'malo mwa manambala okhaokha. Malamulo a nyumba, amene agogo amati ndiwo mtima wa bawo ya akuluakulu, sadawalowetsebe. Tagwirizana kuti aiike kaye pambali mpaka atalemba mayeso. Bambo ake sadalonjeze chilichonse za mtsogolo, ndipo ine sindingawakakamize, pakuti ndikudziwa mmene chaka chino zokolola zayendera. Koma sabata yatha agogo adatumiza uthenga kudzera mwa mdzukulu wawoyo. Akuti mayeso akangotha abwera ndi thabwa lawo, ndipo anzawo awiri a pansi pa mtengo wa mango akufuna adzaone ngati makinawo angamvetse za nyumba.

Mphunzitsi,
Mponela, Dowa